Kwezani Manja, Achimwene

3 Epulo

Wokondedwa Chemwali,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mzinda wonse wapenga ndi mpikisano wothamanga wa Lamlungu likubwerali.

Chingwe chija chafika. Ndachipapasa kuyambira kunsonga mpaka kunsonga, ndipo ndati telala ameneyu ndi mlongo wanga ndithu. Zogwirira ziwirizo wasoka molimba, china cha dzanja langa, china cha Mzime. Tsono leka kuda nkhawa. Makilomita makumi anayi ndi awiri ndi mtunda, inde, koma ine yanga ndi miyendo basi, maso ndi a mng'ono wathuyu. Akati "kumanzere," ndimakhota. Akati "dzenje, kwezani phazi," ndimakweza. Pachingwe safunsana kuti "ukunena zoona?" Wofunsa amagwa chafufumimba.

Paja malemu bambo ankatiseka kuti m'banja mwathu zinagawidwa mosakondera: ine ndilibe maso, iwe makutu akuthawa, Mzime ali nazo zonse kupatula mutu. (Zamutuzi ndalemba mokakamizidwa. Ndine Mzime.) Taona, ine amene ndimaswera pa matelefoni a chipatala ndi "halo, halo" wanga, mlongo wanga yekha ndiye ndimamulembera kalata, ndi dzanja lobwereka.

Undiuze ngati lamba wa makina ako wapezeka, komanso chifuwa cha mwana chija chili bwanji.

Ndine mlongo wako.

12 Epulo

Chemwali,

Moni ubwere pambuyo. Ndamaliza! Uuze alamu amene ankati ndikakomoka pa theka kuti ndamaliza ndi miyendo yanga iwiri.

Anthu, Chemwali! Msewu wonse unali kugunda ndi nsapato. Chakumapeto ntchafu zinali ngati za munthu wina, ndinkangomva Mzime akuti "tiyeni, tiyeni." Kenako kutsogolo kunamveka chiphokoso cha zitsulo ndi anthu kukuwa. Nditafunsa, iye anati ndi owonerera a pansanja akumenya zitsulo kutichemerera. Anati msewu wakhota kumanzere, tinakhota, tinathamanganso pang'ono, mpaka anakuwa kuti, "Mzere uwo! Kwezani manja, achimwene!" Ndinakweza. Ndinalira, ndinaseka, ndinavina pomwepo ndi miyendo yakufayo.

Mwina wawerenga kale za ngozi. Nsanja ya owonerera ya pamathero inagwa, anthu afa, ambiri avulala. Usachite mantha, Mzime akuti inagwa ife titachoka kale. Mulungu anatithawitsa. Kuntchito foni sikupuma, aliyense akufunafuna m'bale wake, ndipo chimwemwe changachi ndikumachibisa m'thumba.

Mendulo akuti atumiza pa positi chifukwa cha chipwirikiticho. Khomeratu msomali m'shopu mwako, pamwamba pa makina, kuti makasitomala azidzaiona.

Mlongo wako wothamanga.

13 Epulo

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli pa moni.

Chichitikire ngozi ndakhala ndikudikira kalata yanu, osadziwa ngati muli moyo. Lero ndadziwa. Mkazi wa aphunzitsi walowa m'shopu, wayala nyuzipepala pa makina anga, pamwamba penipeni pa diresi la ukwati la eni ake, n'kuloza ndi chikhadabo. "Si achimwene anu awa?"

Ndinu. Tsamba loyamba. Manja m'mwamba, mano onse panja, mwendo umodzi m'malere. Kumbuyo kwanu amuna anayi anyamula mayi pa thabwa, dzanja lake likulendewera. Pambali pawo mtsikana wakhala pansi, nkhope ili magazi okhaokha. Pansi pa chithunzicho alemba kuti, "Ena akulira, uyu akuvina." Magalasi anu akudawo ndani angadziwe kuti ndi a munthu wosaona? Akungooneka a munthu wonyada. Mzime sakuoneka, amudula. Chikuoneka ndi chingwe changa, chimene ndinasoka ndi manja angawa, chikutuluka m'dzanja lanu.

Maso mulibe, ndikudziwa. Nanga makutu? Inu amene mumamva ndalama yachitsulo ikagwa kuchipinda china, kulira kwa anthu simunakumve? Mendulo yakukomerani chotani kuti muvine pamaliro?

Ana anga akusekedwa kusukulu. Ine pamsewu anthu akundilankhula ndi milomo yokhota, akuyesa poti sindimva ndiye kuti sindiona. Ndiyankheni funso limodzi lokha: munkadziwa kapena ayi?

Ndine mlongo wanu, wamanyazi.

21 Epulo

Wokondedwa Chemwali,

Makalata athu anaphonyana panjira. Yako Mzime wandiwerengera. Koma kufupika kwake! Pepala lakwera mtengo kwanuko? Komabe mawu ako oti wandinyadira andifika pamtima. Za lamba wa makina sunayankhe.

Mendulo sinafikebe. Wapositi watopa nane.

Kuntchito zinthu sizili bwino. Anzanga angoti zii, ndikalowa nkhani zimaduka. Ndikuona ngati ngoziyi yatipweteka tonse. Dzana anaimba bambo wina amene mkazi wake wadulidwa mwendo. Podikira kuti ndimulumikize ku wodi, anayamba kutukwana munthu wina amene akuti ali m'nyuzipepala, ankavina anthu akufa kumbuyo kwake. Ndinamuuza kuti, "Bambo, anthu ena ndi zinyama zovala malaya. Ameneyo Mulungu amuone." Kodi iwe chithunzi chimenecho wachiona? Ndi munthu wotani ameneyo?

Mzime sakudya. Chitseko chikamenyeka amadzidzimuka mpaka mpando kugwa. Akuti ndi kutopa. Umulembereko mawu, iwe amakuopa.

Mlongo wako.

28 Epulo

Kwa amayi anamwino a khomo loyang'anizana ndi achimwene,

Pepani mayi, ndikukusenzetsani katundu wa banja la eni, koma ndilibe wina. Kalata ili m'munsiyi mukawawerengere achimwene mawu ndi mawu, Mzime atapita ku garaja. Ndaikamo chithunzi cha m'nyuzipepala. Muwafotokozere zonse zili pamenepo, musasiye kanthu pofuna kuwamvera chisoni. Chisoni n'chimene chatifikitsa pano.

Achimwene,

Sindinalembe kuti ndakunyadirani. Kalata yanga inadzaza pepala mbali zonse, ndipo inali yokukalipirani. Amene anakuwerengerani anapeka yakeyake.

Munthu wovina uja, amene mwati Mulungu amuone, ndinu.

Funso langa lija layankhika lokha: simunkadziwa. Pa zimene ndinakunenani za makutu, pepani. Koma kamwana kameneko! Ndinakabereka kumsana ine, lero kakusandutsa kalata yanga nyimbo? Ndayang'ana zilembo za kalata yanu yomaliza. Pamene pali mawu oti "zinyama zovala malaya" cholembera chinaboola pepala, koma analembabe, namata envelopu, natumiza. Mufunseni kuti nsanja inagwa nthawi yanji. Mufunseni kuti mzere umene munawoloka uli pati.

Mlongo wanu.

6 Meyi

Chemwali,

Dzanja ili ndi la amayi anamwino. Ndawauza kuti asafewetse liwu ngakhale limodzi.

Mzime ndamufunsa. Anayamba ndi "achimwene, mvetserani," ine ndinati ndamvetsera mokwanira, yankha. Nsanja inagwa ife tikubwera, iye akuona. Mpikisano anauimitsa. Mzere umene ndinawoloka ndi wa penti, pageti la depoti ya mabasi, poimira madalaivala. Ndinavinira mabasi, Chemwali. Mendulo imene ndakhala ndikuvutitsira wapositi kulibe, ndipo sikudzakhala.

Anthu akhala akundinamiza chibadwire. Kondakitala amati basi yadzaza ine ndikumva mipando ili mbee. Wogulitsa amati malaya ndi oyera pamene ndi ofiira. Ndinazolowera, ndimangoseka. Koma pachingwe? Pachingwe ndimathamanga mumdima ndi liwiro langa lonse chifukwa cha liwu la munthu mmodzi. Chimene wanena iyeyo ndiye msewu. Tsiku lija ndinadabwa ndithu. Pamathero pamakhala kapeti ya labala imene imalira ukaiponda, ine sindinaiponde. Panali fungo la dizilo. Kukuwa kuja sikunali kokoma. Koma ndinati wam'mbali wanena, ndine yani kuti nditsutse? Ndinatseka makutu anga ndekha kuti ndimve iye.

Tsono taganiza. Mzinda wonse ukundidziwa nkhope, ine ndekha osadziwa. Anzanga a kuntchito ankandiyang'ana ndikudzitukwana pa foni. Ndinadzitemberera ndi pakamwa panga, m'bale wanga ali apo ndi cholembera, ndikumva chikukanda pepala osaima. Anandiyesa chiyani? Mwana woti akamva zoipa alira? Ndine mkulu wake ine! Ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato ndi zala zomwezi.

Bambo uja wa mkazi wodulidwa mwendo amaimba tsiku lililonse. Akuti ndili ndi mawu achifundo. Ndimuuze bwanji?

Mzime ndamuuza atenge zovala zake, wapita. Chingwe chako ndi icho m'phukusimo. Umangire nsalu zako, ine kuthamanga ndasiya. Msomali uja uzule.

Mlongo wako.

(Mayi, ndalemba monga ananenera. Akudziphikira okha, akupita kuntchito ndi ndodo, koma nyumbayo yazizira. Anamwino.)

14 Meyi

Achemwali,

Zikomo kwambiri. Mwagwira ntchito yotamandika. Ndikugona ku garaja, pampando wakumbuyo wa galimoto yopanda matayala, ndiye mtima wanu ukhale m'malo.

Inu munaona chithunzi chimodzi, papepala, muli pa mpando wanu wosokera, mwakwiya chonchi. Ine ndinaona zonse ndi maso awa amene mumati ndinapatsidwa m'malo mwa mutu. Alipo wandifunsa kuti unaona chiyani? Palibe. Aliyense akungofunsa kuti unanena chiyani.

Ndikuuzani ngakhale simunafunse. Tinali pamsewu wowongoka, mathero akuoneka. Nsanja inali kudzanja lamanja, yodzaza mpaka pamwamba, anthu akukupiza timbendera. Inangopinda ngati mpando wothyoka mwendo. Mapaipi, matabwa, anthu, zonse pamodzi. Kenako amene anatsala anatembenuka n'kuyamba kuthamangira kwa ife, msewu wonse, khamu losaona kumene likuponda. Ine ndili ndi munthu wosaona pachingwe.

Achimwene mukuwadziwa. Ndikanati "nsanja yagwa," akanaima pomwepo. Akanayamba, "Yagwa pati? Kuli ana? Tiye tikathandize." Akanawapondaponda ine ndikuyankha mafunso. Miyendo yawo imamvera liwu limodzi lokha, ndiye ndinalipereka: kumanzere. Pa kumanzereko sindipepesa kwa munthu. Zitachitikanso mawa ndikhotanso.

Zokweza manjazo ndiye sindikudziwa. Tinali titatuluka m'khamu, ndikanatha kuwaimitsa. Koma ankangofunsa, "Tatsala pang'ono? Mzime, tatsala pang'ono?" nkhope ikuwala. Munthu wadzuka m'mamawa zaka zonsezi, mvula, mphepo, agalu kutithamangitsa, chifukwa cha mzere umodzi. Ndinaona mzere woyera pageti la depoti, pakamwa panangoyankhula pokha. Mwina ndinkafuna kuti pamsewu wonse uja pakhale munthu mmodzi amene tsiku lake silinaonongeke. Sindinacheuke. Sindinaone kuti ovulala akuwadutsitsa njira yomweyo, wojambulayonso sindinamuone.

Kuyambira pamenepo bodza linkangobala linzake. Kalata yanu ndinaitsegula, ndinaona mzere woyamba, iwo ali chete kudikira, akumwetulira. Inuyo mukanawerenga?

Sipanala ikagwa pansi pano ndimapezeka ndili panja. Abwana ayamba kundiyang'ana. Panali kamtsikana kovala nsapato imodzi yachikasu, kankakoka dzanja la munthu pansi pa matabwa. Ndinakaona patsogolo pathu, Achemwali. Ndinali ndi dzanja limodzi lopanda ntchito, ndinakhota n'kukasiya.

Musandiyankhe ngati ndi zokalipa. Zanga zandikwana.

Mzime.

22 Meyi

Achimwene,

Moni kwa inu, ndi kwa amayi anamwino amene tawasandutsa positi ofesi.

Chingwe ndabweza. Sindinathyolere masingano awiri kuti chizikhala m'kabati ya mabatani. Mukafuna kuchitaya mutaye nokha, muli ndi manja.

Ndaikamo kalata ya Mzime. Mayi, muwawerengere yonse, ngakhale akane.

Sindikumuikira kumbuyo. Ananama, anandinamiziranso ine, ndipo tsiku limene ndidzamuone khutu lake lidzadziwa. Koma ndakhala pa makina ndikuganiza. Akanapanda kukhota, bwenzi pano ndikusoka zakuda. Ndiye mkwiyo wanga wasowa pokhala: ndikauika pa iye ukuterereka, pa inu ukuterereka, pa wojambula uja sindikumudziwa. Mkazi wa aphunzitsi yekha ndiye ndamuuza kuti madiresi ake akasoketse kwina.

Inunso musanyade kwambiri ndi kulakwiridwa kwanuko. Mwezi wathunthu mwana akulephera kumeza chakudya patebulo lanu, akugwetsa mipando, inu n'kumati ndi kutopa, n'kumafunsa za mendulo. Mwati anakuyesani mwana. Chabwino, ndinu mkulu. Mkulu amathamangitsa mng'ono wake kukagona m'galimoto yakufa, atanyamula zimene wanyamulazo yekha?

Msomali sindizula. Khoma ndi langa.

Lamba wa makina anapezeka, poti mumafunsa. Chifuwa cha mwana chinatha.

Mlongo wanu.

5 Juni

Chemwali,

Zilembozi wazizindikira, ndiye usafunse. Mzime wakhala apa, ndipo akamaliza awerenga mokweza amayi anamwino akuyang'ana papepala.

Usaganize kuti kalata yako ndiyo yandifewetsa. Inandikwiyitsa koopsa. Ndi nsapato yachikasu ija imene inandikaniza kukhala pansi.

Lamlungu m'mawa ndinapita ku garaja ndi ndodo yanga. Ndinagogoda galimoto zitatu ndisanapeze yake. Ndinamuponyera chingwe n'kuti, "Gwira. Unandibera msewu, ukandibwezere."

Tinakwera basi mpaka pamphambano pamene tinakhotera. Ndinati, "Lero sitikhota, ndipo sitithamanga. Chilichonse unaona uchinene pamalo pake. Ukadumpha ndidziwa, chingwe chimanjenjemera."

Ananena. Apa panagona bambo wa chipewa chofiira. Apa wothamanga wina anavula malaya kumanga mwendo wa munthu wosamudziwa. Apa wapolisi ankaimba wezulo akulira. Ine ndinkaima paliponse, ndimve bwino. Zina ndinamubwereza kawiri. Sindinamumvere chisoni, nayenso sanandimvere, ndipo n'zimene ndinkafuna. Pampanda wa waya anthu amangirirapo nsapato zothamangira, zambirimbiri. Anandigwiritsa, ndinazipapasa. Zina n'zazing'ono.

Kenako tinafika pamalo pa kamtsikana kaja. Chingwe chinangolemera, ndinamva wakhala pansi m'mphepete mwa msewu, akulira ngati mmene analirira pamaliro a mayi. Ndinamusiya alire. Kenako ndinafunsa kuti mzere weniweni uli kuti. Anati penti ikadalipo, kutsogolo, mowongoka. Ndinati dzuka. Anati miyendo yakana. Ndiye ndinamukoka. Ukanaona, Chemwali: wosaona patsogolo, wamaso pambuyo akukwekwereza mapazi, magalimoto akutiimbira mahutala.

Tili m'kati moyenda anati, "Imani, achimwene. Ndi apa. Phazi lanu latsala pang'ono kuuponda."

Ndipo ine, pachingwe, ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti, "Ukunena zoona?"

Sindinafune kufunsa. Linatuluka lokha. Zaka zonse tathamanga limodzi funso limenelo silinatulukepo. Iye anati, "Zoona, achimwene." Ndikhulupirira kuti zinali zoona. Koma ndinafunsa, ndipo tonse awiri tinamva kuti ndafunsa. Chimene anaswa n'chimenecho, ndipo sindikudziwa ngati chimasokeka.

Mzerewo sindinauponde. Ndinabwerera m'mbuyo, manja ali pansi.

Bambo wa pa foni uja ndamuuza kuti wovina uja ndine. Anadula foni. Mawa lake anaimbanso, sanatchule kanthu, anangoti ndimulumikize ku wodi. Ndinamulumikiza.

Mzime wabwerera m'nyumba. Sindinamukhululukire, asanamizire, ndipo tikudya osalankhulana kwenikweni. Koma mawa m'mamawa tikayesa kuthamanga pang'ono kuseri kwa sitediyamu. Ndikagwa ndagwa.

Pamsomali wakowo upachikepo chithunzi cha m'nyuzipepala chija. Wofunsa umuuze zonse.

Iwe Mzime, lemba kuti mpikisano sindinamalize. Lembanso kuti Chemwali auze alamu, aseke. Walemba? Werenga ndimve.

Mlongo wako.

(Achemwali, ndawerenga yonse. Sindinadumphe. Mzime.)